Mlamba wa Michira Iwiri

Ana a mlamba a m'thanki lachitatu ankasowa, koma mitembo yawo sinkaoneka. Ichi ndicho chinkamuzunguza mutu Zione. Kansomba kakafa kamagona pansi chagada, ndipo m'mawa uliwonse iye ankachotsa totere ndi kasefa. Sabata imeneyi pansi pa thanki panali mbee, koma tinsomba tinkachepa tsiku ndi tsiku ngati chimanga cha m'nkhokwe yolowa makoswe.

Zione anamaliza giredi 12 chaka chatha. Gulu la alimi a nsomba la m'mudzi mwawo, chakumadzulo kwa Katete, linamupatsa ntchito yosamala mathanki chifukwa ankatha kuwerenga mapepala a alangizi, komanso sankatopa ndi kukhala chete. Mathankiwo anali m'shedi ya udzu m'mphepete mwa dambo. Lachitatulo ndilo linali ndi tiana tatsopano, timene alimi a ku Vubwi ankayembekeza kudzatenga mu Disembala kuti akaike m'maiwe awo.

Lachinayi m'mawa a Damiano, wapampando wa gululi, anafika pa njinga yamoto. Anakhala zaka zambiri ku boma akugulitsa fetereza, ndipo chilankhulo cha kumeneko chinawakanirira. Anasuzumira m'thanki, nadzuka akupukusa mutu.

"Manje iwe Zione, nsomba ili na mapiko? Niuze."

"Ilibe," anayankha Zione akuyang'ana zala za kumapazi.

"Ndiye pali munthu amene akutapa muno. Kiyi wa shedi ali na ndani?"

"A Veronica."

"Basi. Lachiwiri anthu anawaona akupita ku msika na ndowa yovindikira bwinobwino. Loweruka tikhala pansi pa mtengo wa mango. Abweze kiyi, achoke m'gulu. Nkhani yotsala ikakambidwe kwa akulu a mpingo."

Njinga inalira n'kupita. A Veronica anali mayi wamasiye amene anavala yunifomu ya chigwirizano cha amayi a mpingo zaka makumi awiri osaithimbirira. Dzina lakuti wakuba likawamata, yunifomuyo akanaivula, ndipo dzina lotere m'mudzi silichoka ndi sopo.

Kufika Loweruka panatsala masiku awiri okha.

* * *

Zione anawapeza a Veronica pakhonde akuswa nsawa za mbewu. Mawu anali atafika kale, pakuti sanadzutse mutu.

"Wabwera kudzaona wakuba, mwanawe?"

"Ayi, amayi. Ndangofuna kufunsa za ndowa ija."

"Thobwa. Lachiwiri lililonse ndimagulitsa thobwa, ndipo a Damiano omwewo amamwa makapu awiri osatsokomola. Ndisavindikire, ntchentche zisambemo?"

"Nanga kiyi?"

"Amagona pa ngodya ya chitenje changa. Lamulungu lokha ndimamuika pansi pa njerwa ija ya pakhomo pa shedi kuti iwe udyetse nsomba, ine ndikamalawirira kukasesa m'tchalitchi. Ukudziwa kale."

Zione ankadziwadi. Ankadyetsa, kubweza kiyi pansi pa njerwa, n'kuthamangira ku mapemphero. Kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa pa liwombo, kiyiyo ankakhala yekha.

"Winanso amene amadziwa za njerwayo ndani?"

"Aliyense amene Mulungu anamupatsa maso."

"Chakudya cha tiana tija mumasakaniza monga kale?"

A Veronica anaika lichero pansi. Funso limeneli linawapweteka kuposa loyamba lija.

"Soya wokazinga, gaga wosefa, fumbi la kapenta pang'ono, ndi ufa uja wa tawurini zotsekera za botolo ziwiri. Sindinaphonyepo. Kungoti masabata awiriwa ndikamakanda, manja akumaterera ngati ndagwira sopo. Ndimati kapena ndi ukalamba."

Anamasula mfundo ya pa chitenje, naponya kiyi pa mphasa.

"Tenga. Sindikumufunanso. Akunditentha."

* * *

Masana amenewo Zione anatseka chitseko cha shedi, navundukula pang'ono pepala lakuda limene linkaphimba thanki, pakuti ana a mlamba amakonda mdima. Anakhala pa ndowa yozondotsa. Sanachite kanthu kena koma kuyang'ana. Ichi chokha ndicho anthu ankati amachitha.

Poyamba anangoona timizere takuda tikugwedezeka. Maso atazolowera, anaona kuti tinsombato sitinali tofanana. Tambiri tinali towonda ngati singano, mitu yokhayokha. Koma apa ndi apo panali tina tonenepa, totalika kawiri kuposa tinzake, toyenda mwachifatse ngati eni mudzi.

Kamodzi ka tonenepato kanadutsa pafupi ndi khoma. Zione anapukuta maso. Kansombako kanali ndi michira iwiri, wina kumbuyo, wina kutsogolo.

Anakatunga ndi kasefa n'kukaika m'botolo lagalasi. Mchira wakutsogolowo unkatuluka m'kamwa, ndipo unkagwedezekabe.

Palibe amene ankaba nsomba. Zinkadyana zokha.

Pamenepo mawu a alangizi a zansomba, amene anadzawaphunzitsa mu Ogasiti, anamubwerera onse. Anati m'dambo mwana wa mlamba amadya tizilombo ta m'madzi, ndipo m'tizilombomo muli tawurini. Mu soya ndi mu gaga mulibe, ndipo kansomba kakadali kakhanda sikatha kudzipangira wokwanira. N'chifukwa chake gulu linkathira ufa woyerawo m'chakudya. Tawurini amathandiza ndulu kugaya mafuta, kuti chimene chalowa m'mimba chisanduke thupi. Akasowa, ambiri amapinimbira, ochepa n'kupitirira. "Ndipo mlamba wanjala," anatero alangiziwo, "sadziwa mbale wake."

Koma a Veronica ankathira tawurini tsiku lililonse. Nanga bwanji?

Zione anapita pa shelefu. Ufawo unkakhala m'kachigubu koyera, ndipo kachigubuko kankakhala m'pepala lapulasitiki lomangidwa kawiri, pansi pa khosi ndi pakamwa, kuopa chinyontho. Mfundo ya pakamwa inali ya a Veronica, yomangira nkhuni, yokoka kamodzi n'kumasuka. Ya m'munsi, imene iwo sankaikhudza, inali ina. Chingwe chinazungulira kawiri, n'kubwerera pansi pa chinzake, n'kusiya kakhutu kumanzere.

Mfundoyo Zione ankaidziwa. Anakankhira ganizolo kumbali, natsegula kachigubu.

Ufa unalimo, woyera bwino. Anautsina. Tawurini amanyezimira pang'ono ngati shuga wosalala. Uwu unali wozimiririka. Anatuluka, nathyola ndimu pa mtengo wa kuseri kwa shedi, nathira kaufa pa mbale, nafinyirapo madzi ake.

Ufawo unalira kuti tsiii, thovu n'kukwera.

Sanali tawurini. Anali soda wophikira thelele.

* * *

Mfundo ya pa goli amaimanga mwamuna aliyense wokhala ndi ng'ombe. Zione anadziuza zimenezi m'mawa wonse wa Lachisanu. Koma miyendo inamutengera yokha kunyumba kwa a Ezekieli, mng'ono wa malemu agogo ake aamuna. Iwowa ndiwo anamuphunzitsa mfundoyo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. A Ezekieli anali amanzere.

Anapeza akazi awo, a Florence, akuwaza thelele lobala. Iwowa sankafunika kuwafunsa mafunso; ankangofunika khutu.

"Lowa, mkazi mnzanga, udzaone umphawi. Ndikutcheza chidulo cha phulusa ngati nthawi ya azungu! Soda wanga paketi yathunthu, ndinagula ndekha ku Sinda, ndinaika pamwamba pa kabati, wasowa! Ndikafunsa mwamuna wakoyu akuti makoswe. Khoswe wanji wodya soda osaphulika?"

"Anasowa liti, agogo?"

"Lamulungu lija la Mgonero, masabata awiri apitawa. Ndikukumbuka chifukwa nkhalambayi inakana kupita ku tchalitchi, eti msana. Msana! Pobwera ndinaipeza ili kukhola, thukuta lili kamukamu, ikumwetsa ng'ombe yake Kapitawo madzi a m'botolo."

"Kapitawo akudwalabe?"

"Nthiti ukhoza kuziwerenga uli pa msewu. Mvula ikangogwa sindidziwa kuti tidzalimira chiyani. Inzake ija siingakoke khasu yokha. Iyeyo sakudya, ng'ombe sikudya, ine ndikuphikira khoma."

Zione ankafunitsitsa a Florence atanena kuti Lamulungu limenelo amuna awo anakhala pa benchi lakutsogolo akuimba mokweza monga mwa masiku onse.

"Ali kuti pano?"

"Ungawafunenso kuti? Kwa mkazi wawo wamkulu, kukhola."

* * *

A Ezekieli anali atakhala pa chitsa akuchotsa nkhupakupa m'khutu la ng'ombe yakuda yowonda. Atamuona anamwetulira, mano awiri otsalawo ali poyera.

"Mkazi wanga wamng'ono! Lero wakumbuka banja?"

Masiku onse Zione ankayankha kuti sangakwatiwe ndi munthu wopanda mano. Lero anangotulutsa chingwe chija m'thumba la diresi, mfundo yake ili yosamasula, nachiika pa mpanda.

"Kakhutu kali kumanzere, agogo."

Nkhalamba inayang'ana chingwecho. Kenaka inabwerera ku khutu la ng'ombe.

"Unalipo tsiku limene alangizi anabwera," anatero osatembenuka. "Damiano anafunsa kuti dzina lovuta la ufa uja likutanthauza chiyani. Anayankha kuti chiyani?"

"Anati linachokera ku liwu lachilendo lotanthauza ng'ombe yamphongo. Anati azasayansi anaupeza koyamba mu ndulu ya ng'ombe."

"Ehee! Mu ndulu ya ng'ombe. Ndiye ine ndinaganiza: mphamvu ya ng'ombe aitenga, aiuma, akudyetsa tinsomba tosaoneka ndi maso, pamene mwini wake wa mphamvuyo akugwa m'khola mwanga. Chimene chinachokera ku ng'ombe, kubwerera ku ng'ombe, ndi kuba kumeneko? Ndinangobweza kwawo."

"Ufa umenewu amapanga ku fakitale, agogo. Mulibe ng'ombe m'menemo. Latsala ndi dzina lokha."

"Dzina lokha?"

"Lokha."

A Ezekieli anasisita msana wa Kapitawo. "N'chifukwa chake," anatero motsitsa. "Masabata awiri ndikumwetsa, sakusintha." Kenaka anadzutsa mutu. "Koma za Veronica usandiike. Ndamva kuti akuti anatapa nsomba. Ine sindinakhudze nsomba ngakhale imodzi. Ufa ndinasiyamo wina woyera, wodzaza bwino. Nsomba ili ndi lilime loti n'kusiyanitsa?"

Zione anatulutsa botolo lija m'kathumba. Kansombako kanali katameza kale theka la mchira wachiwiri, koma nsonga yake inkaonekabe. Anafotokoza pang'onopang'ono: za soya wopanda tawurini, za ana opinimbira, za njala imene imachititsa wamkulu kumeza wamng'ono. A Ezekieli anagwira botolo ndi manja awiri, naliyandikitsa ku diso.

"Ndiye kuti nsomba zimene akuti anaba Veronica..."

"Zili m'mimba mwa zinzake."

Kunja kwa khola nkhuku inkapalasa. Nkhalamba inabweza botolo.

"Mawa ukanena dzina langa pa gulu?"

"Sindidziwa kulankhula pa gulu, agogo. Mukudziwa."

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi. Ndinakhalapo mkulu wa mpingo." Anatola kamtengo, nakathyola. "Pita, mwanawe. Dzuwa latentha."

Sanamutche mkazi wake. Sanalonjezenso kanthu.

* * *

Loweruka anthu anadzaza pansi pa mango, ngakhale ena amene sanali a m'gulu. A Veronica anakhala paokha pa mphasa, msana uli chilili, maso ali ku phiri la Mphangwe. Mpando wa ndalema umene a Ezekieli ankakhalapo unali wopanda munthu.

A Damiano analankhula nthawi yaitali za chilungamo ndi chitukuko. Pomaliza anati, "Ngati kulibe wokamba, tikweze manja."

Zione anamva miyendo yake ikuimirira iye asanaiuze.

"Ndili ndi mawu."

Anthu anatembenuka. Ena anali asanamvepo liwu lake chiyambire. Zione anayendetsa botolo lija, mmene m'mawawo anaikamo tinsomba tina titatu ta michira iwiri. Linayenda dzanja ndi dzanja, amayi akugwira pakamwa. Kenaka anaika mbale pakati pa bwalo, nathira ufa wa m'kachigubu, nafinya ndimu. Thovu linakwera anthu onse akuona.

"Nsomba sizinabedwe," anatero. "Zikudyana chifukwa chakudya chilibe tawurini. Uyu ndi soda."

Kenaka a Damiano anawomba m'manja kamodzi.

"Mwaona manje! Ndiye kuti anagulitsa tawurini, n'kuikamo soda. Ni mzimayi amene amasunga soda. Kiyi anali na ndani?"

Anthu anayamba kung'ung'udza movomereza. Zione anaona kuti m'malo mowatulutsa a Veronica m'dzenje, wawakumbira lakuya. M'thumba la diresi zala zake zinagwira chingwe chija. Anayang'ana mpando wopanda munthu, nayang'ana a Veronica.

"Si iwo. Mfundo ya pa pepala inali ya pa goli, ndipo amene anaimanga ndi..."

Kuseri kwa anthu kunalira belu la ng'ombe.

A Ezekieli ankabwera pang'onopang'ono, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, dzanja lamanzere likukoka Kapitawo, lamanja litanyamula chitini cha mkaka. Anthu anapatuka. Anafika pakati pa bwalo, naika chitini pansi, navula chipewa.

"Khala pansi, mkazi wanga wamng'ono, wagwira ntchito yako. Akuluakulu, akuba tilipo awiri. Ine ndinatenga, uyu anamwa. Mnzangayu satha kulankhula, ndiye ndimulankhulira."

Wina anaseka, kenaka anadzigwira. A Ezekieli anafotokoza zonse osabisa: za njerwa, za Lamulungu la Mgonero, za ndulu ya ng'ombe. Atafika pa soda, a Florence anakuwa ali kumbuyo, "Ndiye khoswe uja ndi ameneyu!" ndipo bwalo lonse linaphulika. Koma nkhalamba sinaseke. Inapita pamene panali a Veronica, nigwada, mawondo akulira ngati nkhuni zouma.

"Mayi, ndinamva dzina lanu likudetsedwa, ine ndili phee, ndikudzinamiza kuti nkhani ya nsomba si yanga. Ufa watsala woposa theka, uli m'chitinimo. Umene ng'ombe inamwa ndilibe pougwira. Koma dzina lanu ndalibweza pamaso pa anthu."

A Veronica anawatembenukira.

"Dzukani, bambo. Mwadetsa jekete." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ng'ombeyo ili ndi nkhupakupa mpaka m'maso. Mukanafunsa, dotolo wa ziweto amabwera ku dibi Lachitatu lililonse."

Kenaka anatembenukira kwa a Damiano. Anangotambasula dzanja. A Damiano anakanda m'mutu, natenga kiyi kwa Zione, namupereka ndi manja awiri.

"Pepani, amayi. Ninathamanga maningi."

"Lachiwiri mudzamwe thobwa," anatero a Veronica. "Mudzasuzumire kaye m'ndowa."

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo anasankhula tinsomba ndi sefa, tonenepa kwaokha, towonda kwaokha, monga alangizi anawauzira pa foni. Zione anayesa ufa wa m'chitini ndi ndimu, ndipo unangokhala chete. A Veronica anakanda chakudya chatsopano, nanena kuti manja awo abwerera. Gulu linagamula kuti Kapitawo akachira, iye ndi mbuye wake ndiwo azidzakokera mchenga wa thanki lachisanu.

Mvula yoyamba inagwa patapita masiku khumi ndi awiri. M'mawa mwake Zione anamva belu likudutsa kumtunda kwa dambo, ndi liwu la a Ezekieli likukalipira ng'ombe ziwiri kuti ziwongole mzere. Anatseka chitseko cha shedi, navundukula pepala lakuda, nakhala pa ndowa yake.

Tinsomba tinali tochepa kuposa mmene tinayambira, koma tokwanira maiwe a ku Vubwi. Mimba zawo zinali zitatuluka. Anawaza chakudya, madzi n'kuchita phithiphithi. Anayang'anitsitsa kamodzikamodzi, osafulumira, mpaka khosi linauma.

Kalikonse kanali ndi mchira wake umodzi.